Chigamulo cha arbitration chochokera kunja chikafika ku High Court mu Harare: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa tawatola kwa anzathu ochita bizinesi muno mu Harare: eni malole oyenda njira ya Nyamapanda ndi ya Beira, oitanitsa feteleza ndi zitsulo, eni timafakitale ta ku Graniteside, Southerton ndi Willowvale. Ena amatikokera pambali tikaweruka ku CCAP, ena amafunsira pamaliro, ena amatumiza pa WhatsApp pakati pa usiku chithunzi cha pepala lomwe lasiyidwa kwa mlonda pageti. Tsamba lino si loya wanu. Talilemba kuti pokwera masitepe a ofesi ya loya muzidziwiratu kuti khomo lomwe mukukagogodalo ndi lopapatiza motani.

Kodi arbitration n'chiyani, ndipo chigamulo chimakhala chakunja chikatani?

Ndi njira yodulira mlandu osapita kukhoti la boma. Anthu opangana malonda amagwirizana kuti zikadzavuta, nkhani yawo adzaitula kwa munthu mmodzi kapena atatu osankhidwa, ndipo zomwe iwo adzagamule ndi zomwezo. Munthu ameneyu tizimutchula kuti wogamula. Si mkhalapakati ayi. Mkhalapakati amangonyengerera mbali ziwiri kuti zimvane, pomwe wogamula amamva umboni n'kudula, wina n'kugwa nawo mlandu.

Pangano lotere limakonda kubisala kumapeto kwa kontrakiti, m'kandime ka tizilembo ting'onoting'ono komwe ambirife sitiwerenga chifukwa maso ali pa mtengo ndi tsiku lofika katundu. Mmenemo ndimo mumapezeka mayina a mabungwe oyendetsa arbitration ngati AFSA ya ku Johannesburg, LCIA ya ku London, ICC ya ku Paris kapena CIETAC ya ku China.

Chigamulo chimakhala chakunja potengera malo omwe panganolo linatchula kuti ndiko kwawo kwa mlandu, omwe maloya amawatcha seat. Zilibe kanthu kuti wogamulayo ndi mbadwa ya kuti, kapena kuti inu munapereka umboni pa Zoom muli khale mu ofesi yanu ku Msasa. Kontrakiti ikati London, chigamulocho ndi cha ku London basi. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso pa funso la kufafaniza.

Munthu wa ku London si jaji wa dziko lino. Chigamulo chake chikundikhudza bwanji ine wa ku Mufakose?

Chikukukhudzani chifukwa Zimbabwe inavomera yokha. M'chaka cha 1958 mayiko anapangana ku New York kuti zigamulo za arbitration zochokera m'dziko lina azizilemekeza ngati zawo, ndipo lero mayiko oposa 170 ali m'panganoli. Zimbabwe inalowa mu 1994. Kenako mu 1996 kunabwera lamulo la Arbitration Act, Chapter 7:15, lomwe linatenga lamulo lachitsanzo la 1985 la UNCITRAL, nthambi ya United Nations yoona za malamulo a malonda, n'kuliphatika kumapeto ngati mbali ya malamulo a dziko lino. Ndime 35 ya gawo limenelo ikuti chigamulo chimamanga anthu posatengera dziko lomwe chachokera.

Komabe pepalalo palokha lilibe mano. Mnzanu wopambanayo sangatume anyamata kudzakoka lole yanu pamalo oimika. Ayenera kupempha High Court kuti ilembetse chigamulocho, ndipo ikavomera m'pamene chimasanduka ngati chigamulo cha khoti la kuno, a sherifu, omwe khoti limawatuma kukalanda katundu, n'kupeza mphamvu. Mpata wanu wotsutsa uli pakati pa zinthu ziwirizi.

Amene mukuganiza zothawitsira katundu kumudzi, dziwani kuti Malawi inalowa m'pangano la New York mu 2021. Zambia inalowa mu 2002, Mozambique mu 1998, South Africa kalekale mu 1976. Pepala lomwelo lingathe kukutsatirani ku Blantyre, ku Chipata kapena ku Tete.

Zimayamba bwanji kukhoti, ndipo ndili ndi masiku angati?

Mumalandira mtolo wa mapepala wolembedwa kuti court application. M'kati mwake mumakhala chikalata cholumbira cha wopemphayo, chigamulo, ndi kontrakiti. Patsamba loyamba pamalembedwa nthawi yoyankhira, ndipo malamulo a High Court a 2021 amapereka masiku 10 a ntchito, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide. Musadalire mawu athu okha, werengani tsambalo ndipo lembani tsiku ndi ola lomwe mtolowo unafika, ndi dzina la amene anausainira.

M'masiku amenewo muyenera kupereka notisi yotsutsa pamodzi ndi chikalata chanu cholumbira chofotokoza zifukwa. Mukaphonya, mumatsekeredwa kunja, ndipo jaji angalembetse chigamulocho inu kulibe. Masiku ano mapepala amalowa pa intaneti kudzera pa IECMS, yomwe inayamba mu May 2022 pamene nthambi ya milandu ya malonda, Commercial Division, inatsegulidwa. Choncho za kuthamanga ndi envelopu 4 koloko itatsala pang'ono zinatha, koma netiweki ndi magetsi nazo zili ndi tsiku lake. Musadikire tsiku lomaliza.

Ngati woimbidwa mlandu ndi kampani, pali zinthu ziwiri zomwe zimagwetsa anthu asanayambe n'komwe. Kampani mu High Court imaimiridwa ndi loya, ndipo wolumbira m'malo mwa kampani ayenera kukhala ndi chikalata cha bodi chomupatsa mphamvu. Ngakhale bodiyo ikhale inu ndi mayi a kunyumba, khalani pansi mulembe, musaine.

Kodi jaji wa ku Harare amva mlandu wonse kuyambira pachiyambi?

Ayi, ndipo apa m'pamene mitima ya anthu imasweka.

Bambo wina wa malole anabwera kwa ife ndi chikwama cha pulasitiki chodzaza: malisiti a weighbridge, zithunzi za matumba a feteleza onyowa, mauthenga a dalaivala wake ali pamzere pachipata cha malire cha Forbes, zonse zosonyeza kuti katundu anaonongekera kudoko asanakwezedwe pa lole. Anayala patebulo mwadongosolo, tsiku ndi tsiku, chala chikunjenjemera. N'kutheka ndithu kuti ankanena zoona. Koma nkhani yakuti matumbawo ananyowera kuti inali itadulidwa kale ndi wogamula ku Johannesburg, ndipo jaji wa kuno alibe mphamvu yoitsegulanso. Titamuuza, anatiyang'ana ngati tamutukwana. "Ndiye khoti ntchito yake n'chiyani, achimwene?"

Ntchito yake pano si apilo. Khoti silifunsa kuti wogamula analondola kapena analakwa. Limafunsa ngati munapanganadi za arbitration, ngati munapatsidwa mpata wolankhula, ngati wogamula sanadumphe malire, ndiponso ngati chigamulocho sichikunyazitsa chilungamo cha dziko lino. Wogamula akhoza kukhulupirira mboni yabodza, kumva molakwika ndime ya kontrakiti, ngakhale kuphonya lamulo, chigamulo chake n'kuimabe. Zikumveka zankhanza, koma ganizani mbali inayo: tsiku lomwe inu mudzapambane pa kampani ya ku Durban, simudzafuna kuti jaji wa kumeneko ayambirenso mlandu wanu.

Nanga zifukwa zomwe khoti limamvera ndi ziti?

Zili mu ndime 36, ndipo kunja kwa zimenezo kulibe zina. Zisanu zoyamba muyenera kuzitsimikiza inu wotsutsa, ndi umboni. Choyamba n'chakuti pangano la arbitration silinali lovomerezeka, kapena wosainayo analibe mphamvu pamaso pa lamulo. Chachiwiri n'chakuti simunauzidwe bwino za kusankhidwa kwa wogamula kapena za mlanduwo, kapena munalepheretsedwa kufotokoza mbali yanu. Chachitatu, wogamula anagamula nkhani yomwe sanatumidwe. Apa chenjerani: ngati mbali yodumpha malireyo ingadulidwe payokha, khoti limataya yokhayo n'kulembetsa yotsalayo. Chachinayi, ogamulawo anasankhidwa kapena anayendetsa mlandu mosemphana ndi zomwe munapangana, monga kontrakiti kunena atatu koma n'kukhala mmodzi. Chachisanu, chigamulocho sichinayambe kumanga, kapena khoti la kwawo kwa mlandu linachifafaniza kapena kuchiimitsa.

Ziwiri zotsalazo jaji angazione yekha ngakhale inu musanazitchule: kuti nkhaniyo ndi ya mtundu womwe malamulo a Zimbabwe salola kuti ipite kwa wogamula, ndi kuti kulembetsa chigamulocho kungasemphane ndi chomwe lamulo limatcha public policy.

Mawu a lamuloli akuti khoti lingathe kukana, sakuti liyenera kukana. Kacholakwika kakang'ono komwe sikanasinthe kanthu sikangakupulumutseni.

Ine sindinauzidwe kuti kuli mlandu. Si chifukwa chokwanira chimenecho?

Chikakhala choona, ndi chimodzi mwa zifukwa zamphamvu kwambiri. Vuto ndi lakuti nthawi zambiri "sindinauzidwe" amatanthauza "sindinatsegule".

Lamulo silifuna kuti kalata ifike m'manja mwanu. Ikasiyidwa pamalo anu a bizinesi, kunyumba kapena pa adiresi yanu ya makalata, yafika. Akakufunani osakupezani, kuitumiza ku adiresi yomaliza yomwe ankaidziwa mwa njira yosiya umboni n'kokwanira. Ndiye ngati munasamuka ku Workington kupita ku Ruwa osawauza anzanu a kontrakiti, mlanduwo ndi wanu. Malamulo a mabungwe ambiri a arbitration amalolanso imelo. Taonapo kampani ina yomwe makalata onse a mlandu ankapita ku imelo ya kalaliki amene anasiya ntchito zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo adiresi yakeyo ndi imene inalembedwa mu kontrakiti. Taonaponso maenvelopu atatu osatsegula ali m'dirowa pansi pa buku la malisiti, mwini wake akuti ankaganiza kuti ndi zoopseza chabe. Mlandu suwola. Wogamula amaloledwa kupitiriza inu kulibe, bola aone umboni wa mnzanuyo asanagamule.

Zimene zimathandiza ndi umboni weniweni: kuti makalata anatumizidwa ku adiresi yomwe sinakhalepo yanu, kuti munawalembera za adiresi yatsopano iwo n'kunyalanyaza, kuti wogamula analandira mapepala a mbali inayo osakuonetsani, kapena kuti anagamula potengera mfundo yomwe palibe anaitchula ndipo simunapatsidwe mpata woiyankha. Kunena kuti tikiti ya ku London inali yodula kapena kuti loya wa kumeneko simukanamutha, pakokha sikumveka kutali.

Sindinasaine kontrakitiyo ine. Anasaina ndi kampani, kapena mchimwene wanga. Zikutheka bwanji?

Arbitration imaima pa kuvomera. Amene sanavomere samangidwa, ndipo khoti lolembetsa lili ndi ufulu wodzionera lokha ngati panalidi pangano. Mlandu wodziwika pa nkhaniyi ndi wa Dallah, kampani ya ku Saudi Arabia yomwe inapangana zomanga nyumba zogona anthu opita ku Hajj ku Mecca. Inasainirana ndi bungwe lomwe boma la Pakistan linakhazikitsa, bungwelo n'kutha. Ogamula a ICC ku Paris anati boma lilipire. Mu 2010 Supreme Court ya ku Britain inakana kulembetsa chigamulocho ponena kuti boma silinali m'panganolo. Chodabwitsa n'chakuti mu 2011 khoti la apilo ku Paris linaona nkhani yomweyo mosiyana, n'kusiya chigamulocho chili chiimire. Majaji nawo ndi anthu.

Kwa ife a bizinesi zazing'ono, funso limakhala lakuti dzina lili pachigamulo ndi la ndani. Ngongole ya kampani si ya dairekitala, pokhapokha ngati munasaina kuti mudzaimirira ngongoleyo panokha. Fufuzani, chifukwa kapepala kotero kamakonda kubwera limodzi ndi fomu yotsegulira akaunti ya ngongole.

Koma ngati munalowa nawo mlandu, n'kuyankha, n'kubweretsa mboni, osadandaula chilichonse, musayembekeze kuti jaji amva kudandaula kwanu lero. Wokana mphamvu za wogamula amayenera kunena poyambirira, asanapitirire poyankha mlandu. Kukhala chete kumawerengedwa ngati kuvomera.

Public policy imeneyi n'chiyani? Anthu amati ndi khomo lomwe aliyense amalowera.

Aliyense amagogodapo, olowa ndi ochepa. Tingati ndi mfundo zikuluzikulu za chilungamo ndi khalidwe zomwe dziko silingalole kuti zipondedwe. Aphungu a Zimbabwe anawonjezera mawu awo mu ndime 34 ndi 36 onena kuti chigamulo chimasemphana ndi mfundozi ngati chinapezeka mwachinyengo kapena mwa ziphuphu, kapena ngati malamulo a chiweruzo cholungama anaswedwa, monga kumva mbali imodzi yokha kapena wogamula kukhala ndi phindu pa mlanduwo.

Muyezo womwe majaji amagwiritsa ntchito mpaka lero unachokera pa mlandu wa kampani ya magetsi ya ZESA ndi Maposa, womwe Supreme Court inagamula mu 1999, wolemba chigamulo ali Jaji Wamkulu Gubbay. Unali mlandu wa pantchito wa konkuno, koma mawu ake amagwiranso pa zigamulo zakunja. Khoti linati kulakwitsa chabe, kaya pa umboni kaya pa lamulo, sikukwanira. Cholakwikacho chiyenera kukhala chosalungama moonekeratu, chosemphana ndi nzeru kapena khalidwe mpaka munthu wolingalira bwino n'kuona kuti chilungamo cha Zimbabwe chavulazidwa mosapiririka. Pa mlandu umenewo chigamulo chinagwadi, chifukwa wogamula anamanga zonse pa tsiku lolakwika. N'chifukwa chake aliyense wogonja amathamangira dzina la Maposa, kuiwala kuti mlandu womwewo ndi umene unapapatiza khomolo.

Za chinyengo, chitsanzo chachikulu cha masiku ano ndi cha Nigeria ndi kampani ya P&ID. Mu 2017 ogamula ku London analamula Nigeria kulipira madola 6.6 biliyoni, ndipo ndi chiwongoladzanja ndalamazo zinafika cha m'ma 11 biliyoni. Mu October 2023 High Court ya ku London inapeza kuti chigamulocho chinapezeka mwachinyengo: panali ziphuphu kwa wogwira ntchito m'boma, umboni wonama, ndiponso kampaniyo inkasunga mapepala achinsinsi a maloya a Nigeria. Koma onani kuti Nigeria inabweretsa mapepala a kubanki, osati mphekesera. Kulemba m'chikalata cholumbira kuti "wogamulayo ayenera kuti anadya" popanda umboni kumangokwiyitsa jaji, ndipo kungakuonjezereni ndalama zolipira.

Chinthu china choti loya wanu ayang'ane ndi chiwongoladzanja. Kuno kuli lamulo la in duplum, loti chiwongoladzanja chosalipidwa chimaima chikafanana ndi ngongole yeniyeniyo. Ngati chigamulo chakunja chikuunjika kupitirira pamenepo, mfundoyi ndi yoyenera kuikweza, ngakhale singafafanize ngongole yonse.

Kodi ndingapemphe High Court ya kuno kuti ifafanize chigamulocho chitheretu?

Ayi. Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Kufafaniza kumapha chigamulo, ndipo mphamvu imeneyo ili ndi khoti la kwawo kwa mlandu lokha. Kukana kulembetsa kumangotseka chitseko cha Zimbabwe. Mukapambana ku Harare, chigamulocho chikadali ndi moyo, ndipo lole yanu ikawoloka Beitbridge ingakumane nacho kutsidya.

Ndime 34, yomwe imapereka miyezi itatu yopemphera kufafaniza kuchokera tsiku lolandira chigamulo, imagwira ntchito ngati kwawo kwa mlandu ndi Zimbabwe, monga milandu yoyendetsedwa pa Commercial Arbitration Centre muno mu Harare. Makhoti a kuno anati miyezi itatu imeneyi siwonjezeredwa. Ku South Africa, pansi pa lamulo lawo la 2017 la arbitration ya pakati pa mayiko, nakonso ndi miyezi itatu. Ku England ndi masiku 28 okha. Nthawi zambiri mapepala akamafika ku Harare, masiku a kunjawo amakhala atatha kale.

Kusapita kukatsutsa kunjako sikukulandani ufulu wotsutsa kuno pa zifukwa za ndime 36. Ngati mwapita ndipo pempho lanu likadali m'khoti kumeneko, mungapemphe jaji wa kuno kuti adikire. Iye amaona ngati pempholo lili ndi mutu kapena ndi longotayitsa nthawi, ndipo mnzanuyo akapempha, angakulamuleni kupereka chikole. Konzekerani zimenezo musanapemphe.

Chigamulo chili m'madola a ku America. Ndingalipire mu ZiG, kapena pa mtengo wa 1:1 uja?

Funso ili limachokera pa zomwe zinachitika pa 22 February 2019, pamene lamulo la boma la SI 33 linasandutsa ngongole za madola a ku America kukhala za ndalama ya kuno ya RTGS pa mtengo wa dola imodzi pa imodzi. Mu January 2020, pa mlandu wa Zambezi Gas, Supreme Court inati zimenezi zikukhudzanso ngongole zomwe khoti linali litagamula kale. Ambiri amene anali ndi ngongole anapuma, obwereketsa analira.

Musakondwe msanga. Lamulo lomwelo linapatula ngongole zakunja, zomwe zimalipidwabe mu ndalama yomwe munapangana. Ngati amene mumukongola ndi kampani ya kunja, n'kutheka kwambiri kuti muli m'gulu lopatulidwalo. Ndiponso 1:1 inkakhudza zomwe zinalipo tsikulo lisanafike, osati kontrakiti ya 2022. ZiG, ndalama ya kuno yomwe inabwera mu April 2024, sinabweretse chikhululukiro china chotero. Malamulo a ndalama m'dziko muno amasintha ngati nyengo ya mwezi wa November, choncho ili ndi funso lofunsa loya sabata yomweyo, atatenga kontrakiti ndi chigamulo m'manja. Kutulutsa ndalamazo kunja kumadutsanso ku banki yanu ndi malamulo a Reserve Bank, koma kuvuta kwa zimenezo si chifukwa chokanira kulembetsa.

Mapepala a mnzangayo sali bwino. Zingandithandize?

Pang'ono. Ndime 35 imafuna chigamulo chenicheni chotsimikizidwa kapena kope yotsimikizidwa, pangano la arbitration chimodzimodzi, ndipo ngati zili m'Chipwitikizi, m'Chitchaina kapena m'chinenero china, pakhale kumasulira kwa Chingerezi kotsimikizidwa. Chikalata cholumbirira kunja kwa dziko nacho chiyenera kutsimikizidwa moyenera, monga ndi notary public. Zikasowa, tchulani. Koma dziwani kuti akakonza amabweranso, chiwongoladzanja chikuyendabe. Mwagula miyezi, simunagule mlandu.

Kodi n'chimodzimodzi ndi arbitration ya kuntchito? Nanga za banja ndi za ana?

Si chimodzimodzi. Ambiri a ife tinamva mawuwa koyamba pa milandu ya kuchotsedwa ntchito. Imene ija imayendera Labour Act, ndipo ili ndi njira ya apilo ku Labour Court pa mfundo za lamulo. Pa chigamulo cha malonda chochokera kunja njira imeneyo kulibe.

Gawo 4 la Arbitration Act limatchula nkhani zomwe wogamula sangazigwire: milandu ya upandu, nkhani za ukwati ndi zokhudza ana kapena anthu osatha kudziimira pokhapokha High Court italola, ndi kontrakiti ya munthu wogula zogwiritsa ntchito yekha pokhapokha atavomera arbitration papepala lapadera. Chigamulo chakunja chikalowa m'minda imeneyi, onani chifukwa chachisanu ndi chimodzi pa funso la ndime 36.

A sherifu afika kale, alemba katundu. Ndathera pomwepo?

Osati kwenikweni, koma tsopano mukuwerenga maola. Ngati chigamulo chinalembetsedwa inu kulibe, mungapemphe khoti kuti libweze lamulo lake, koma nthawi yopemphera ndi yochepa. Muyenera kufotokoza chomwe munalepherera kuyankha, ndiponso kusonyeza kuti muli ndi chifukwa chenicheni cha ndime 36. Pempho limeneli palokha siliimitsa a sherifu. Pamafunika lina lachangu loimitsa kulanda, ndipo majaji a kuno, kuyambira pa mlandu wa Kuvarega wa 1998, safuna changu chodzipangira. Munthu amene anakhala milungu itatu akufunsa maganizo kwa anzake kumowa, n'kuthamanga lole ya a sherifu itaima pageti, amabwezedwa.

Ngati munatsutsa n'kugonja, apilo imapita ku Supreme Court m'masiku 15 a ntchito. Musaganize kuti apilo payokha imaimitsa kulanda nthawi zonse, funsani loya wanu.

Ngati alemba katundu wa munthu wina, monga galimoto ya mayi a kunyumba kapena makina a mlamu wanu omwe amangosungidwa pamalo anu, mwini wakeyo apereke chikalata cholumbira kwa a sherifu, ndipo iwo amakatula nkhaniyo kukhoti. Katundu wopezeka m'manja mwanu amaganiziridwa kuti ndi wanu, ndipo buku la galimoto palokha silitengedwa ngati umboni wokwanira wa umwini. Pafunika malisiti, mapepala a kubanki, pangano logulira. Musayese kubisa kapena kugulitsa zomwe zalembedwa, umenewo ndi mlandu wina.

Timamva kuti boma nalo linagonja pa arbitration kunja koma sililipira. Bwanji ine?

Njira yake ndi ina. Milandu ya eni mafamu monga banja la von Pezold ndi kampani ya Border Timbers, omwe anapambana mu July 2015, inapita ku ICSID, bwalo la milandu ya pakati pa maboma ndi oika chuma ochokera kunja, lokhazikitsidwa ndi pangano la ku Washington la 1965. Kumeneko zifukwa za ndime 36 sizigwira ntchito. Wodandaula amapita ku komiti ya ICSID yomweyo, ndipo pempho la Zimbabwe linakanidwa mu 2018. Chomwe chimachedwetsa zinthu n'chakuti katundu wa boma ali ndi chitetezo chomwe lole yanu ilibe. Ambiri a makolo athu anagwira ntchito m'mafamu otere, ndipo nkhani imeneyi imatikhudza mwa njira ina, koma pa mlandu wanu wa feteleza musatengerepo chitsanzo.

Ndingalankhule Chichewa kukhoti?

Malamulo aakulu a dziko a 2013 amatchula Chewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo wopereka umboni pakamwa angathe kupempha womasulira. Koma mlandu wa mtundu uwu umayenda pamapepala a Chingerezi, ndipo inu mwina simudzatsegula pakamwa. Mawu anu ndi chikalata cholumbira chija. Musanasaine, wina amene mumamukhulupirira akuwerengereni ndime ndi ndime m'Chichewa. Mfundo ya mnzanu yomwe simunaikane m'chikalatamo imatengedwa kuti mwaivomera.

Ndiye nditsutse kapena ndikambirane?

Tengani kontrakiti, chigamulo, makalata onse ndi maimelo, mupite kwa loya wolembetsedwa ku Law Society of Zimbabwe amene anagwirapo milandu yotere, ndipo mumufunse funso limodzi: mwa zifukwa zisanu ndi ziwiri zija, changa ndi chiti, ndipo umboni wake ndi uti? Akaloza ndime ndi pepala, menyani. Akayamba kukamba za matumba onyowa, gwirani chikwama chanu. Wogonja amalipira ndalama za maloya a wopambana, ndipo jaji akaona kuti munkangotayitsa nthawi angakulipitseni pa mlingo wapamwamba.

Kukambirana kuli ndi mphamvu yake yomwe anthu saiona. Kampani ya kunja ikudziwa kuti malole akale ogulitsidwa pa okushoni ya a sherifu sabweretsa zambiri, kuti apilo imadya nthawi, ndiponso kuti ndalama ikapezeka iyenerabe kutuluka m'dziko. Ambiri amalola kulipira pang'onopang'ono, ena amadula chiwongoladzanja. Mukagwirizana, zilembedwe ndi kusainidwa, zitchule ndalama yolipirira, akaunti, masiku, ndi chomwe chidzachitike mukaphonya mwezi umodzi, kenako ziperekedwe kwa jaji kuti zikhale lamulo la khoti. Pamene mukukambiranapo, notisi yotsutsa ilowe ndithu m'masiku 10 aja, pokhapokha loya wa mbali inayo atalemba kalata yovomera kudikira. Lonjezo la pafoni IECMS siliona.